Minda ya m'mbali mwa M2 isanduke malo a sitolo yaikulu? Zokambirana za gulu la kwathu ku Thyolo

Woyang'anira gulu:
Abale ndi alongo, nkhani imene yakhala ikunong'onedwa kuchigayo ndi pamaliro ndaona kuti ndi bwino tiikambirane pano poyera. Kampani ina yomwe ili ndi masitolo ambiri m'matauni, yodziwika ndi kugulitsa katundu pa mtengo wotsikirapo, ikufuna malo m'mbali mwa msewu wa M2, pakati pa boma la Thyolo ndi Luchenza. Malowo ndi minda yamakolo ya mabanja angapo, ndipo kuti sitolo imangidwe payenera kukhala chilolezo chosintha ntchito ya malowo, kuchoka pa ulimi kukhala malo a malonda. Popeza palibe chimene chasainidwa, ndikupempha kuti tisatchule dzina la kampaniyo ngakhalenso la mudzi, koma aliyense apereke maganizo ake mwaulemu kuti amene adzatiimirire ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) adzapite ndi mfundo zomveka.

Bambo a Tiyamike:
Zikomo a Woyang'anira. Ine ndiyambe ndi kunena mosapsatira kuti ndikuifuna sitoloyi. Munthu wa kuno akafuna katundu wambiri pa mtengo wabwino amayenera kukwera minibasi mpaka ku Limbe, ndipo akachotsera ya ulendo, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi yolipirira katundu, phindu lonse limene amalithamangira limakhala litathera panjira. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zakhala zinthu zoti mayi amayamba waganiza kawiri asanagule. Ngati pali wina amene angathe kuoda katundu wambiri nthawi imodzi ku fakitale n'kutigulitsa motsika pakhomo pathu pomwe, sindikuona chifukwa chomukanizira. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti chitukuko chimangothera m'tauni, ndiye lero chikafika pakhomo tichitsekere chitseko?

aNachisale:
Bambo a Tiyamike, mawu anu ndawamva, ndipo za kukwera mtengo kwa zinthu sindingakutsutseni chifukwa amene amapita kumsika ndi ife amayi. Koma munda umodzi mwa imene ikukambidwayi ndi wa mbumba yathu. Anaulima agogo athu, anaulima amayi athu, ndipo lero tinaugawana anthu anayi apachibale, aliyense kandime kake ka chimanga chosakaniza ndi nandolo, chinangwa m'malire, ndi mitengo ya mapeyala imene imatigulira makope a ana nyengo yake ikafika. Chimene chandipweteka n'chakuti amene anaitanidwa kukamva za nkhaniyi poyamba ndi amalume athu ndi amuna ena a m'mudzi, pamene kuno kwathu tonse tikudziwa kuti munda umayenda ndi mwana wamkazi. Mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ndipo amalume ndi oyang'anira mbumba, osati eni nthaka oti angaigulitse paokha. Ndalama zikadzaperekedwa zidzalowa m'thumba la ndani, nanga ana anga aakazi adzalima pati?

Mphunzitsi wopuma:
Funso la aNachisale ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo ndipemphe achinyamata a pagulu pano apirire pang'ono ndikumbutse kumene tachokera. Malo abwino a Thyolo ndi Mulanje anapita m'manja mwa azungu m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka zikalata zotsimikizira umwini kwa anthu amene ankati anagula malo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Makolo athu ambiri a Chilhomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique anafikira m'maesiteti amenewo n'kumalipira malo okhala ndi thukuta lawo, imene ija inali thangata. Tiyi amene alendo amaima n'kumajambula akamadutsa pa Satemwa kapena pa Conforzi wakhala pa nthaka imeneyo, ndipo ife tinatsala ndi timadera ta pakati pa esiteti ndi esiteti.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, ndipo nthaka sinakule ngakhale phazi limodzi. N'chifukwa chake pakati pa 2004 ndi 2011 panali ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, imene inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera kuno ndi ku Mulanje, kupita kumaboma monga Mangochi ndi Machinga. N'chifukwa chakenso mu 2016 Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation anapeza anthu owatsatira pamene ankanena zolanda malo a maesiteti. Sindikuvomereza njira imene iwo anatsata, koma njala ya malo imene anaigwiritsa ntchito inali yeniyeni ndipo idakalipo. Boma limene linachita kusamutsa anthu ake chifukwa chosowa polima siliyenera kuona munda wa m'mbali mwa msewu ngati malo ongokhala.

Wakabaza wa pa siteji:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mbiriyo ndi yoona koma ife achinyamata sitidya mbiri. Ndinalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhoza, koma lero ndimayendetsa njinga yamoto ya munthu wina, ndipo anzanga ambiri ali ku Johannesburg kapena akuthyola tiyi pa ntchito ya nyengo imene imatha mvula ikangosiya. Kandime kamene amayi anga angandigawire sikangadyetse banja miyezi itatu. Sitolo ikabwera padzafunika omanga, alonda, ogulitsa pa kauntala, otsitsa katundu, ndipo ife a kabaza tidzapeza anthu onyamula. Kodi si bwino kuti mabanja ochepa alipidwe bwino kuti dera lonse lipindule?

Mayi wa okala:
Achimwene a kabaza, ntchito mukunenazo muziwerenge pamodzi ndi zimene zidzathe. Ine ndili ndi okala pa siteji yomweyo imene mumaimikapo njinga. Ndimaoda paketi ya shuga n'kuigawa m'timapepala ting'onoting'ono, mafuta ndimayeza ndi kabotolo, ndipo pansi pa kauntala pali kope limene ndimalembamo ngongole za anthu a kuesiteti, amene amadzabweza akalandira. Mwana akadwala usiku amandigogodera pawindo, ndipo ndimadzuka kuwapatsa Panado ndi kandulo ngakhale alibe ndalama m'manja. Sitolo yaikulu siidzachita zimenezo, koma idzanditengera makasitomala onse amene amagula ndi ndalama yapamanja kumapeto kwa mwezi, n'kundisiyira angongole okhaokha. Okala yotsala ndi angongole okha siikhalitsa. Pa siteji yathu tilipo ambiri otere, ndipo ndalama imene timapeza imathera konkuno, kwa mmisiri wa matabwa, kwa telala, kusukulu ndi kutchalitchi, pamene ya kampani idzakwera galimoto madzulo aliwonse kupita kubanki ya m'tauni.

Bambo a Tiyamike:
Mayi, sindikufuna kuti okala yanu igwe, koma tinenenso chilungamo: shuga wa m'timapepalayo, mukaphatikiza paketi yonse, wosauka amamugula modula kuposa wolemera. Si mlandu wanu, popeza nanunso mumaoda modula ndi kulipira ulendo, koma wolipira mapeto ake ndi mayi wa kumudzi. Ndiponso inu nomwe mukhoza kumaoda pa sitoloyo m'malo mopita ku Limbe.

Mayi wa okala:
Ndikaoda pamenepo ndidzagulitsa kwa yani, poti kasitomala wanga adzakhala ataima pambuyo panga pa mzere womwewo, akugula pa mtengo womwewo?

Mphunzitsi wopuma:
Mkangano wa awiriwa si wachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atatsala m'mizinda ikuluikulu yokha, cholinga chake chili choti Amalawi atenge malonda a kumudzi, uku akuoda katundu ku Chipiku. M'malo ambiri masitolo amene anasiyidwawo anangokhala mabwinja chifukwa olowamo analibe mpamba wokwanira. Pambuyo pake tinazolowera PTC, imene tinkaiona ngati chinthu chosatha, koma nayonso masitolo ake anatsekeka m'zaka zapitazi. Chimene ndikufuna tione n'chakuti sitolo imabwera n'kupita malinga ndi mmene malonda akuyendera, koma munda umene wathiridwa simenti subwereranso kukhala munda. Kampaniyi ikadzaona kuti phindu lachepa idzatseka n'kugulitsa malowo kwa wina, ndipo a mbumba ya aNachisale sadzafunsidwanso.

Woyeza malo:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse, ndipo popeza ntchito yanga ndi yoyeza malo, ndifotokozeko mmene zinthu zimayenera kuyendera, chifukwa ena akulankhula ngati kuti mfumu ikangodinda chidindo ndiye kuti zatha. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo lamulo la malo amakolo ndi lamulo loona za mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo ena mwa iwo anakonzedwanso mu 2022. Kale mapulani ankakhudza matauni okha, koma tsopano dziko lonse lili pansi pa lamulo la mapulani, kutanthauza kuti ngakhale kumudzi munthu sangasandutse munda kukhala malo a malonda akuluakulu popanda chilolezo chochokera kukhonsolo.

Lamulo la malo amakolo linakhazikitsanso makomiti a malo pa gulupu aliyense. Wapampando amakhala agulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Choncho dandaulo la aNachisale lili ndi poimira m'malamulo, si nkhani ya mwambo wokha. Chachiwiri, pali lamulo la zachilengedwe la 2017 limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo ntchito yomanga imene ingakhudze madzi, nthaka ndi anthu ozungulira imayenera kuunikidwa isanayambe. Chachitatu, msewu wa M2 uli ndi malire ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, moti nyumba siingamangidwe m'menemo. Zimenezi zikutanthauza kuti sitolo, poimika magalimoto ndi potsitsira katundu zidzalowa mkati mwa minda kuposa mmene anthu akuganizira akamaloza ndi chala ataima pa tala.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Kampani siimanga nyumba ya ndalama zambiri pa malo opanda lizi (pangano lobwereka malo kwa zaka zoikika), chifukwa banki imafuna chikalata. Lizi ya malo a malonda kawirikawiri imakhala ya zaka zambiri, mpaka 99. Pansi pa lamulo lakale la 1965, malo amakolo akalowa mu lizi ankachoka m'manja mwa mfumu, ndipo lizi ikatha ankasanduka a boma, osabwerera kumudzi. Umu ndi mmene malo ambiri anachokera m'manja mwa anthu pa nthawi ya maesiteti a fodya m'chigawo chapakati. Choncho asanasaine aliyense, afunse kuti pepala likunena chiyani za mwini malo pa nthawi ya lizi ndi pambuyo pake, ndipo yankholo likhale lolembedwa, osati lapakamwa pa msonkhano.

aNachisale:
Zikomo kwambiri bambo, mwanditsegula maso. Tinauzidwa kuti tidzalandira chipukuta misozi, koma palibe amene anafotokoza kuti chidzawerengedwa bwanji.

Woyeza malo:
Kale pa malo amakolo ankawerenga mbewu, mitengo ndi nyumba zokha, nthaka yeniyeniyo osaiika mtengo, ndipo anthu ambiri analira nazo. Muumirire kuti pabwere katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa malo, kuti nthaka iwerengedwe payokha, ndipo mtengo wa peyala uwerengedwe molingana ndi zaka zimene ukanabereka. Dzina la mayi aliyense amene ali ndi ndime lilembedwe palokha. Mudzifunsenso ngati ndalamazo zingagule munda wina wofanana nawo kuno ku Thyolo, osati kutali kumene mulibe abale, chifukwa ndalama yolandira kamodzi pa nthawi imene mitengo ikukwera chonchi imasungunuka msanga.

Mlongo wanu wa ku America:
Moni nonse kumudzi. Ndimakhala ku United States, ndipo mkangano ngati umenewu ndi wodziwika kuno. Kuli kampani yotchedwa Dollar General imene ili ndi masitolo pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo m'matauni ang'onoang'ono ndi kumidzi, ndipo kawirikawiri ikafuna kumanga pamafunika kuti akuluakulu a dera asinthe kaye malo olima kukhala a malonda, pa msonkhano umene anthu amaloledwa kulankhulapo. Ena amailandira ndi manja awiri chifukwa sitolo ina ili kutali, pamene ena amadandaula kuti magolosale a eni dera amatsekeka ndipo zakudya zamasamba zimasowa popeza masitolo oterewa amagulitsa kwambiri za m'mapaketi ndi m'zitini. Mzinda wa Tulsa mu 2018 unaika lamulo loletsa kuti masitolo otere amangidwe moyandikana m'dera lina la mzindawo. Komabe musatengere zakuno ndendende, chifukwa mlimi wa kuno akagulitsa kachigawo ka munda amatsala ndi maekala ambirimbiri, pamene kwathu kachigawoko ndiko munda wonse.

Mlimi wa ku Bvumbwe:
Mfundo ya zamasambayo yandikhudza. Ena akuti sitoloyi idzatigula tomato, kabichi ndi zinanazi za ku Mulanje, koma amene anayesapo kugulitsa kumasitolo akuluakulu akudziwa mmene zimakhalira. Amafuna katundu wofanana kukula, wobwera sabata iliyonse osadumphitsa, ndipo malipiro amabwera patapita masiku, pamene pa msika wa Bvumbwe mayi wa ku Limbe amakupatsa ndalama pompo dengu lisanatsike pamutu. Katundu wokonzedwa, monga uchi kapena chiponde, amafunanso chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, chimene mlimi payekha sachipeza mosavuta. Ngati kampani ikulonjeza kugula zakuno, ilembe kuti idzagula chiyani, kudzera ku kopaletivi iti, ndipo idzalipira pakapita masiku angati.

Chinanso chimene sichinatchulidwe ndi madzi. Kumunsi kwa minda imeneyo kuli madimba. Denga lalikulu la malata ndi bwalo la simenti sizimwa madzi, ndipo mvula ya kuno tonse tikuidziwa. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 kuno, ku Mulanje ndi ku Phalombe sangafunse kuti madzi osowa kolowera amatani pa malo otsetsereka. Ngalande ikalozetsedwa kudimba, mpiru ndi nthaka yomwe zidzapezeka kumtsinje, ndipo eni madimbawo sali n'komwe pa mndandanda wa olandira chipukuta misozi.

Wakabaza wa pa siteji:
Ndamva zonsezi ndipo zina sindinaziganizire, makamaka za madimba. Komabe ndikuopa kuti tikachulutsa zofuna, kampaniyo ingonyamuka n'kukamanga kwina, ife n'kutsala ndi chinangwa chathu ndi ulova wathu. Anthu a ndalama sadikira.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, mantha akowo ndi omveka, koma dzifunse chifukwa chimene kampaniyo yasankhira munda m'malo mwa tauni. Luchenza ili ndi khonsolo yakeyake ndi malo amene anaikidwa kale kuti ndi a malonda, ndipo pa boma la Thyolo ndi pa Bvumbwe palinso misika yokhazikika. Kumeneko malo ndi odula ndipo pali misonkho ya khonsolo, pamene munda wa mayi wa kumudzi ndi wotsika mtengo. Gawo lina la kutsika mtengo kumene tikulonjezedwako lidzalipidwa ndi aNachisale. Ngati kampaniyo yaona kuti kuno kuli ogula, ogulawo sathawa chifukwa chakuti sitolo yasunthidwa makilomita ochepa, ndipo iwe wa kabaza udzanyamula anthu ambiri sitolo ikakhala pa tauni kusiyana ndi ikakhala pakhomo pawo.

Bambo a Tiyamike:
Aphunzitsi, pamenepo mwandigwira pang'ono, ngakhale sindinasinthe maganizo akuti sitoloyi tikuifuna. Ngati ingamangidwe pa malo amene ndi a malonda kale, ine ndilibe chotsutsa. Koma ngati eni minda ena, atamva zonse ndi kuwerengera bwino, afuna okha kupereka malo awo, gulu lino lisawaletse kapena kuwatcha ogulitsa mudzi. Alipo okalamba amene ana awo onse ali m'tauni ndipo khasu lawakanika.

aNachisale:
Zimenezo n'zoona bambo, ndipo mmodzi mwa abale anga akuganiza chomwecho. Ine sindikumuda. Chimene ndikukana n'chakuti ndime yanga ilowe m'gulu la zogulitsidwa chifukwa chakuti ili pakati pa ndime za ofuna, kapena kuti wina asaine m'dzina la mbumba yonse ife tili kumunda.

Woyeza malo:
Pamenepo muli ndi ufulu wonse wopempha kuona mapu a malo amene akufunidwa ndi kalata yopempha kusintha ntchito ya malowo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho lembani kalata kukhonsolo, musunge kope lake lodindidwa, ndipo mupite anthu angapo osati mmodzi. Mukapeza mapuwo nditumizireni kuno, ndidzakuthandizani kuwerenga malire ake popanda kulipira.

Woyang'anira gulu:
Zikomo nonse. Ndikupempha aNachisale ndi Mayi wa okala kuti alembe kalata yopempha mapu ndi zikalatazo, Woyeza malo aiunike isanapite, ndipo Bambo a Tiyamike ndi achimwene a kabaza akhale nawo pa ulendo wa kukhonsolo kuti mbali zonse zikamve limodzi. Mlimi wa ku Bvumbwe, chonde yendani kwa eni madimba a kumunsi muwadziwitse, chifukwa ambiri a iwo sali pa gulu lino ndipo ena alibe foni. Ine ndikaonana ndi agulupu kuti atiuze ngati komiti ya malo inakhalapo pansi pa nkhaniyi komanso tsiku la msonkhano wa ADC.

Mayi wa okala:
Kalatayo tilemba mawa madzulo ndikatseka okala. Koma a Woyang'anira, mukawapemphe agulupu kuti msonkhanowo usadzakhale tsiku la msika kapena m'mawa anthu ali kothyola tiyi, chifukwa akatero pabwalo padzakhala amuna okhaokha.